Uli pamsana pa njovu usamati kulibe mame

Sabata ino ndabwera ndi funso lochokera kuno kwa Kaluluma ku Kasungu, komwe ndimachita geni pamsika wa Nkhamenya. Zimatheka bwanji kuti anthu atatu aone chinthu chimodzi, aliyense n'kulumbira kuti anzakewo ndi abodza, chikhalirecho onse akunena zoona?

Tiyeni titenge belo limodzi la fodya wa bale.

Kwa inu amene muli m'tauni, belolo ndi madola. Mukamva pa wailesi kuti msika wa Chinkhoma kapena wa Kanengo watsegulidwa, mtima umakhala pansi poganiza kuti mwina mafuta a galimoto ndi mankhwala m'zipatala zipezeka. Simukulakwa, fodya ndiye amabweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno.

Kwa mwini munda, belo lomwelo ndi ngongole. Anakongola fetereza, anagula mitengo ya zigafa, analipira galimoto yonyamula mabelo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi inakwera. Belo likabwezedwa ku okushoni, munthuyu tulo sakuona. Nayenso sakunama akamati zinthu zavuta.

Nanga kwa tenanti? Kwa iye belolo ndi chaka chathunthu cha moyo wake. Ambiri anachoka ku Mulanje, Thyolo, Phalombe kapena Machinga chifukwa kwawoko malo olima ndi ochepa. Anathirira nazale dzuwa lili pamutu, anawokera mvula ikugwa, anathyola, anasoka, anasankha, n'kudinda mabelo. Miyezi yonseyi amadya phoso la bwana, ndipo chimanga chilichonse, mchere uliwonse, ngakhale ndalama ya kuchipatala, zimalembedwa m'buku. Malipiro amabwera kamodzi, fodya akagulitsidwa, ngongole zonse zitachotsedwa. Ena amatsala ndi kangachepe, ena amauzidwa kuti ngongoleyo ndiye yaposa.

Ife apamsika tili ndi diso lathunso. Timaona tenanti atalandira, akugula wailesi, nsapato, nyama, mwina n'kukhota kumowa. Ndiye mumamva anthu akuti, “Aaa, anthu awa alibe nzeru, ndalama ya chaka chonse kuithera sabata imodzi!” Koma taganizani bwino. Inu mumagwira ndalama tsiku ndi tsiku, kaya ndi ya tomato kaya ndi ya pamwezi. Munayamba mwakhalapo miyezi khumi osagwira yanuyanu, sopo weniweniyu kuchita kupempha? Tsiku limene mwaigwira, mtima ungafune chiyani poyamba? Kusunga kumaphweka kwa munthu amene akudziwa kuti mawa ilowanso ina.

Nkhani ya ana ndiyo imaonetsa bwino mmene malo oima amasinthira zimene maso aona. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana komanso ntchito yokakamiza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Anthu a m'maofesi anaona mwana ali m'chigafa nthawi ya sukulu, ndipo anaona zoona. Bambo wa mwanayo amaona china: fodya wapsa m'munda, manja achepa, akachedwa masamba aonongeka, ndipo banja lonse lituluka chimanjamanja. Nayenso akuona zoona.

Pano wina anena kuti, “Ndiye basi, aliyense ali ndi choonadi chake, palibe wolakwa?” Ayi ndithu. Kumvetsa munthu sikuvomereza zonse zimene akuchita. Mwana wogwira fodya wamuwisi wonyowa amadwala, chikonga chimalowera pakhungu, mutu kuwawa, kusanza. Malo ake ndi m'kalasi, pamenepa palibe zokambirana. Koma mukaima pamene waima bamboyo, mudziwa kuti kumukalipira kokha sikungamubwezere mwanayo kusukulu. Chimene chingatero ndi malipiro oti bambo akwanitse kulemba waganyu wamkulu. Woweruza ali patali amapeza wolakwa, koma woyandikira amapeza pomwe pathyoka.

Ndipo ndinene mosapsatira kuti maso onsewa salemera mofanana. Chaka chikavuta, wa m'tauni amadandaula mzere wa mafuta, mwini munda amaluza phindu mwinanso katundu, koma tenanti amasowa ngakhale ya basi yobwerera kwawo. N'chifukwa chake makolo sanalangize woyenda pansi, analangiza wokwera pamsana pa njovu kuti asamati kulibe mame. Wapansi mamewo amawadziwa kale, ali m'miyendo mwake. Udindo waukulu wosuzumira pansi uli ndi amene ali pamwamba.

Chovuta n'chakuti aliyense wa ife amadziona ngati wapansi. Ine ndimadandaula za ogulitsa pikulitsa, koma kwa mnyamata wondinyamulira katundu, wokwera njovu ndine. Inu mumadandaula za abwana anu kuntchito, koma kwa mtsikana wokugwirirani ntchito pakhomo, bwana ndinu. Tonsefe tili ndi njovu yathu, kungoti msana wake tinauzolowera mpaka timauyesa nthaka.

Ndiye musanamutche munthu waulesi, wakuba kapena wopanda nzeru, yambani mwadzifunsa: kodi akuona chiyani chimene ine, pomwe ndaimapa, sindingachione? Kenaka mufunseni mwini wakeyo, n'kukhala chete kuti ayankhe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga inu kwanuko, ndi gulu liti la anthu limene mumaliweruza musanakhale nalo pansi? Tiuzeni, tiphunzirepo.