Odi wa Wamalonda: Msika Ukalowa M'nyumba Yochezera

M'mwezi wa Marichi chaka cha 2015, pa msonkhano wotchedwa F8 mumzinda wa San Francisco, Mark Zuckerberg analengeza kuti Messenger, pulogalamu yotumizirana mauthenga ya kampani ya Facebook, yatsegulidwa kwa anthu akunja. Akatswiri opanga mapulogalamu analoledwa kulumikiza ntchito zawo ku Messenger, ndipo amalonda anapatsidwa njira yolankhulira ndi ogula momwemo. Mapulogalamu oposa 40 anali okonzeka kale, pomwe makampani awiri a ku America, Everlane ndi Zulily, ndiwo anayamba kutumiza malisiti ndi mauthenga onena pamene katundu wafika. Panthawiyo anthu 600 miliyoni ankagwiritsa ntchito Messenger mwezi uliwonse. Ambiri mwa iwo analowamo kuti azicheza ndi abale ndi abwenzi.

Kodi pali cholakwa pamene malonda alowetsedwa m'malo amene anthu amanong'onezana zakukhosi? Yankho lofulumira ndi lakuti msika umadetsa ubwenzi. Michael Walzer, m'buku lake la 1983 lotchedwa Spheres of Justice, anaphunzitsa kuti moyo wa anthu uli ndi zigawo zosiyanasiyana, ndipo chilungamo chimasokonekera ndalama zikayamba kulamulira chigawo chimene si chake. Ganizoli n'lolemera, koma pa nkhani ino silitifikitsa patali. Kwathu kuno malonda ndi chibale sizinakhalepo kutali. Mayi wogulitsa tomato pakhonde amakongoza mnansi wake, amaonjezera basela, ndipo mawa lake awiriwo amakaphikira limodzi pamaliro. Masiku anonso wogulitsa kaunjika ku Lilongwe kapena ku Chipata amatumiza zithunzi za malaya pa WhatsApp kwa anthu omwewo amene amapemphera nawo. Palibe amene anganene moona mtima kuti anthu ameneŵa aipitsa ubale wawo. Choncho vuto silili pa kusakanikirana kwa malonda ndi macheza.

Vuto likuyambira pakhomo. Mwambo wathu umati mlendo aime panja, aitane odi, ndipo mwininyumba ndiye amayankha. Amene wayankha odi ndiye wasenza udindo wa zonse zimene mlendoyo adzachite m'nyumbamo. Nanga mu Messenger mwininyumba ndani? M'chaka cha 2014 kampaniyi inachotsa macheza m'pulogalamu yake yaikulu ya pafoni, n'kukakamiza anthu kutenga Messenger payokha. Gulu litasonkhana, chaka chotsatira chitseko chinatsegulidwa kwa amalonda. Ndondomeko imeneyi ikusonyeza kuti ochezawo anali alendi chabe, ndipo alendi osalipira lendi sakhala ndi mawu pa za mlendo amene mwini malo wamuitana.

Tisaumire chilungamo kampaniyi. Malamulo ake amati wamalonda asayambe yekha kulembera munthu amene sanamupatse mpata, ndipo munthu akalemba, wamalondayo amapatsidwa maola 24 oti ayankhe momasuka. Umenewu ndi odi wamtundu wake. Komatu m'chaka cha 2017 mauthenga otsatsa malonda anayamba kuoneka pakati pa mayina a abwenzi, osadikira kuyankhidwa ndi wina aliyense. Pofika kumayambiriro kwa 2023, kampaniyi, imene inali itasintha dzina kukhala Meta, inali kuuza eni masheya kuti kutsatsa kumene kumalowetsa munthu m'macheza ndi wamalonda kukubweretsa ndalama zofika madola 10 biliyoni pachaka.

Ndalama zochuluka chotere zikugula chiyani? Ine ndikuona kuti zikugula khutu limene munthu anasungira abale ake. Foni ikalira, mwana wa ku Mzimba amene akugwira ntchito ku Johannesburg amaitola msanga chifukwa mwina ndi mayi ake, mwina ndi uthenga wa matenda kumudzi. Changu chimenecho chinabadwa m'chikondi ndi m'mantha a pachibale. Wamalonda akalowa pamzere womwewo, ndi kalilidwe komweko, amakolola m'munda umene sanalime. Chikwangwani cha pamsewu chimadziwika kuti n'chikwangwani, ndipo maso amachilambalala. Uthenga wamalonda wovala malaya a bwenzi ndi wovuta kuulambalala, ndipo mtengo wake wagona pomwepo.

Nkhaniyi inakula m'chaka cha 2016, pamene Messenger inalola makina oyankha okha kuti azicheza ndi anthu m'dzina la makampani. Moni wa Chichewa si mawu otsegulira pakamwa chabe. Tikafunsa kuti mwadzuka bwanji, timalonjeza kuti yankho likakhala loipa tiima n'kumvetsera. Wina anganene kuti nayenso wogulitsa m'golosale amapereka moni ndi cholinga chogulitsa, ndipo n'zoona. Koma iye ali ndi nkhope imene ingachite manyazi. Akanyenga, mudzi umamudziwa, ndipo tsiku la tsoka lake adzafuna anthu okumba manda. Umunthu umagwira ntchito pamene onse awiri angathe kupwetekana ndi kuthandizana. Makina opereka moni sangachite manyazi, ndipo amene anawatuma ali kutsidya la nyanja.

Pali munthu winanso amene amaiwalika m'nkhaniyi, ndiye bwenzi la wovomerayo. Macheza ali ndi eni ake awiri, kotero kuti mmodzi akatsegulira mlendo, watsegula chipinda cha onse. Zimenezi zinaoneka poyera kudzera pa khomo lina la kampani yomweyi, limene linatsegulidwa kwa opanga mapulogalamu m'chaka cha 2007. Pulogalamu ya mafunso imene anapanga Aleksandr Kogan inatengedwa ndi anthu pafupifupi 270,000, koma inakokolola mbiri za abwenzi awo, ndipo m'chaka cha 2018 Facebook inavomereza kuti mbiri za anthu ofika 87 miliyoni mwina zinafika ku Cambridge Analytica. Chaka chotsatira boma la America linalipiritsa kampaniyi madola 5 biliyoni. Helen Nissenbaum, m'buku lake la 2010 lotchedwa Privacy in Context, anafotokoza kuti nkhani iliyonse imayenda ndi malamulo a malo amene inanenedwera. Sitikusowa pomvera ganizoli: zimene mkazi wauza ankhoswe si zobisika kwa iwo, koma zikamveka pamsika ndiye kuti wina waphwanya pangano.

Nawonso opanga mapulogalamu ndi amalonda ang'onoang'ono ndi alendi. Amamanga pamalo a eni, ndipo malamulo amasintha iwo ali m'tulo. Mkuntho wa 2018 utawomba, Facebook inaimitsa kwakanthawi kuvomereza mapulogalamu atsopano, ndipo osalakwa anadikira pamodzi ndi olakwa.

Ena amati wosakondwa atuluke. Mu Januwale 2021, WhatsApp, imene Facebook inagula m'chaka cha 2014 pamtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni, italengeza malamulo atsopano okhudza macheza ndi amalonda, anthu ambirimbiri anatenga Signal ndi Telegram. Koma kutuluka kwa munthu mmodzi kulibe tanthauzo ngati gulu la banja, la mpingo ndi la banki mkhonde latsala komweko. Wotulukayo adzamva za maliro a malume ake atayikidwa kale. Ufulu wokana umene mtengo wake ndi kudzidula kwa abale suyenera kuwerengedwa ngati chilolezo chenicheni.

Kuyambira mu Disembala 2023, Messenger inayamba kutseka macheza a pakati pa anthu awiri kotero kuti ngakhale kampaniyo isathe kuwawerenga, ndipo zimenezi n'zoyamikika. Koma zimene munthu walembera wamalonda zimawerengedwa ndi antchito ake, ndiponso zingadutse m'makompyuta a kampani ina imene wamalondayo wailemba ntchito. Jan Koum, mmodzi mwa amene anayambitsa WhatsApp, analemba m'chaka cha 2012 zifukwa zimene iwo sankagulitsira malo otsatsira malonda. Iye anachoka pakampaniyi m'chaka cha 2018, ndipo mu Juni 2025 Meta inalengeza kuti kutsatsa kuyamba kuoneka m'gawo la Status la WhatsApp.