"Mudzazolowela": Funso Locokela pa Matilesi Olimba

Munthu akagula matilesi atsopano ku Kamwala, kawilikawili usiku woyamba sagona bwino. Amauka phewa litacita dzanzi, msana uli kuwawa, ndipo amayamba kuyewa matilesi akale amene anapatsa mng'ono wake. Akabwelela kwa wogulitsa kukadandaula kuti ni olimba monga thabwa, yankho limakhala limodzi: mudzazolowela. Mau amenewa amakambidwanso ndi alangizi a cikwati ndi mabwana pa nchito, ndipo ife aphunzitsi timawauza ana amene angoyamba sekondale. Funso langa n'lakuti, ni liti pamene mau awa ali nzelu, ndipo ni liti pamene ali njila yotsekela munthu pakamwa?

Tiyambe ndi mbali imene wogulitsa akamba zoona. Matilesi a siponji akatha zaka, amacita dzenje pakati, pamene ciuno cimagona. Thupi limaphunzila dzenje limenelo. Likaikidwa pamalo osalala, limadandaula ngakhale kuti dzenje ndilo linali kupotoza msana. Siponji yatsopano nayo imafewa pang'onopang'ono ikagonedwa, ndipo ambili m'makomboni timasiya pepala la pulasitiki kuti matilesi asade, pamene pepalalo limaumitsa pamwamba ndi kutulutsa thukuta. Palinso nkhani ya ubongo. Mu 2016, akatswili a pa Brown University ku America anapeza kuti munthu akagona pamalo acilendo usiku woyamba, mbali imodzi ya ubongo imakhala chelu monga mlonda. Conco usiku woyamba ni mboni yosadalilika, ndipo si bwino kuweluza mlandu wonse ndi umboni wake wokha.

Aristotle, m'buku lake la Nicomachean Ethics, anaphunzitsa kuti khalidwe labwino limabwela mwa kucita cinthu mobwelezabweleza mpaka cikhale cizolowezi. M'kalasi ndimaziona. Mwana amene sanazolowele kuwelenga buku mphindi 20 amamva monga cilango pa sabata loyamba. Pofika pakati pa temu, yemweyo amabwela kudzapempha buku lina. Akanaleka tsiku loyamba cifukwa mutu unawawa, akanataya cinthu camtengo wapatali. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma pali msampha wina, ndipo ndiwo umandidetsa nkhawa kwambili. Tinakula tikumva kuti cinthu cowawa ndico cocilitsa, kuti wodwala msana agone pa mphasa kapena pa simenti. Mu 2003, magazini ya zacipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa Francisco Kovacs ndi anzake ku Spain. Anthu 313 odwala msana kwa nthawi yaitali anapatsidwa matilesi, ena olimba kwambili, ena olimba pang'ono. Patapita masiku 90, aja ogona pa olimba pang'ono ndiwo anapezako bwino kuposa anzawo. Kulimba pakokha si mankhwala.

Cikhulupililo ca kuti kuwawa ni mankhwala sicithela kucipinda cogona. M'Zambia muno cikwati timacicha "shipikisha club", ndipo pansi pa nthabwala imeneyi pali azimai amene anauzidwa kuti adzazolowela makofi. Ambili a ife tinaphunzila ndi mkwapulo, makolo n'kumati ndiwo utsegula mutu. Dziko linaona kuti zimenezi n'zolakwika: mu 2011 linakhazikitsa lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act, ndipo Education Act ya caka comweco inaletsa kukwapula ana kusukulu. Malamulo awa akamba cinthu cimodzi, cakuti pali zowawa zimene munthu safunika kuzolowela.

Cizolowezi cilibe maso. Cimatiphunzitsa kukonda buku, ndiponso cimatiphunzitsa kulumpha madzi a m'ngalande popanda kufunsa cifukwa cake ali pakhomo. Kolela itabuka kumapeto kwa 2023, odwala anagonekedwa mu National Heroes Stadium ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka February 2024. Zinyalala ndi zitsime zosazama za m'makomboni a Lusaka tinali titazizolowela kale. Ndiye kunena kuti "ndinazolowela" sikutsimikizila kuti cinthuco n'cabwino. Munthu amazolowela matilesi abwino, amazolowelanso dzenje.

Nanga tisiyanitsa bwanji? Ine ndimafunsa mafunso atatu.

Loyamba: kodi ululu ukucepa kapena ukukula? Pa matilesi oyenela, kuwawa kwa m'mawa kumazimilila masabata akamapita. Ngati patapita mwezi mukali kuuka ndi dzanzi m'phewa ndi m'ciuno, ndipo msana sukhala woongoka mukagona cammbali, vuto si inu. Cimodzimodzi nchito yolimba imene ikukuphunzitsani imapepuka m'kupita kwa nthawi, koma nchito yokudyelani masuku pamutu imangolemelalemela.

Laciwili: ndani apindula ndi kupilila kwanga? Wogulitsa amene ndalama zanu zili kale m'thumba mwake ali ndi cifukwa cokuuzilani kuti mudikile. Izi sizitanthauza kuti akunama, koma mau ake muwayeze. N'cifukwa cake ni bwino kugonapo mphindi zingapo mu shopu ndi kufunsa za kusintha musanalipile. Mnzanu amene sapindulapo kanthu akakuuzani kuti pililani, mau ake ali ndi kulemela kwina.

Lacitatu: kodi kupililako kuli ndi malile? Kupilila kwanzelu kumakhala ndi tsiku loonanso zinthu. Mumati ndidzayesa masabata anai, ndidzacotsa pulasitiki, ndidzaikapo siponji yopyapyala pamwamba, kenako ndidzasankha. Kupilila kopanda tsiku n'kugonja kumene kwavala dzina labwino. Ndipo pamene pali nkhanza, palibe masabata oyembekezela.

Acinyamata anzanga, anthu adzakuuzani kuti mbadwo wanu ni wofewa, sufuna kuvutika. Nthawi zina adzakhala akunena zoona, pakuti maphunzilo, luso la manja ndi bizinesi zonse zili ndi masabata ake oyamba owawa. Koma musalole kuti manyazi oopa kuchedwa wofewa akugonekeni pamalo amene akukuonongani. Wina akakuuzani kuti mudzazolowela, mufunseni mwaulemu kuti: ndidzazolowela liti, ndipo ndikadzazolowela ndidzakhala munthu wotani?