Kakiyi kanali m'nyumba

Alamu anga atabwerako ku Joni anamanga nyumba ku Zolozolo, ndipo chimene ankanyadira kwambiri chinali geti. Ukadina rimoti kapena kungokhudza pafoni, chitsulo chonsecho chinkasuntha chokha mwaulemu ngati mkamwini watsopano. Pakhonde anaikapo kamera yoonetsa pafoni munthu amene akugogoda, ndipo mababu nawonso ankamvera foni yomweyo.

Tsiku lina tikuchokera kumaliro, mvula ya Mzuzu ija yosadziwa kukata ili mkati, tinapeza dera lonse lili bii. Magetsi anali atazima chim'mawa, ndipo batire la geti linali litatheratu. Alamu anadina rimoti, zii. Anaimenyamenya pachikhatho, n'kudinanso, zii.

"Alamu, kodi palibe potsegulira ndi manja?"

"Palipo. Pali kakiyi kake."

"Nanga kali kuti?"

Anangoloza nyumba ndi mlomo. Tinachita kupempha mnyamata wa aneba kuti akwere mpanda. Anakatsegula chitseko ndi kiyi wamba wa loko wogula ku msika wa Mataifa, n'kukatenga kakiyiko m'kabati. Ife tili panja, zovala zili chonyowa.

Chichitikireni zimenezi ndimati ndikaona chipangizo chilichonse cha m'nyumba, ndimayamba ndawerenga anthu amene ayenera kudzuka bwino kuti icho chigwire ntchito. Loko amafuna kiyi ndi dzanja, basi. Akalimba, dontho la mafuta. Akafa, mmisiri wapamsika amam'dziwa mpaka m'matumbo. Koma babu lomvera foni likufuna magetsi, netiweki, bandulo, foni yotchaja, kuphatikizapo kompyuta ya kampani ina kutsidya kwa nyanja imene mwini nyumba sadzaiona. Mmodzi mwa onsewa akangodwala, mdima.

Ife a kuno magetsi athu ambiri amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire: ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makinawo asanabwerere onse. Madzi anasefukira ku Chikwawa, koma anayatsa makandulo ndi anthu a ku Zolozolo, Chibavi ndi Luwinga. Nthawi imeneyo mbaula, imene ena anali ataiponya kuseri kwa khitchini, inabwereranso pamalo aulemu.

Wina anganene kuti vuto ndi umphawi wathu, zipangizozo zilibe mlandu. Ayi ndithu. Ku America, kumene magetsi sathimathima ngati kuno, kampani ya Nest inazimitsa makompyuta oyendetsa kabokosi kotchedwa Revolv mu 2016, ndipo anthu amene anakagula madola 300 anatsala ndi chidole. Mu Epulo 2022 kampani ya Insteon inatseka mwadzidzidzi, eni nyumba n'kudzuka mafoni awo asakulamulanso magetsi. Waya sunaduke, babu silinapse. Amene anafa ndi mwini malonda. Loko wa agogo sasamala ngati fakitale imene inam'panga ikadalipo.

Komabe sindili m'gulu la onyoza zatsopano. Kamera ija inawathandiza alamu kuwerenga matumba a simenti iwo ali kutali, ntchito imene achibale ambiri yawadanitsa. Ndipo m'nyumba zathu muli kale chipangizo chanzeru chimene ndimachipatsa ulemu: mita ya mayunitsi. Ukagula magetsi pa Airtel Money kapena Mpamba, umalandira manambala 20. Mita siimbira foni aliyense kuti itsimikize. Uthenga wonse, wa mayunitsi angati ndi a mita iti, wabisika m'manambala momwemo. Ukhoza kuwalemba pachikutu cha machesi, n'kutuma mwana kukadina mawa. Amene anaipanga ankadziwa kuti ikupita kumene netiweki imabwera ndi kupita.

Nayonso inali ndi tsiku lake. Manambala aja amanyamula chiwerengero cha mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo malo osungira chiwerengerocho anayenera kudzaza pa 24 Novembala 2024. N'chifukwa chake ESCOM, monganso makampani a magetsi a ku South Africa ndi maiko ena, inauza anthu kuti alowetse manambala apadera m'mamita awo lisanafike tsikulo. Taonani mankhwala ake: chala cha munthu pa mabatani. Vuto linadziwika kukadali nthawi, ndipo njira yolikonzera inali m'manja mwa mwini nyumba.

Apa ndi pamene ndimasiyanitsira zipangizozi. Swichi yabwino yomvera foni iyenera kudinikabe ndi chala netiweki ikasowa. Pampu yodzizimitsa yokha thanki ikadzaza ikhale ndi mpopi wotseka ndi dzanja. Wogulitsa amakuonetsa mmene chinthu chimagwirira ntchito zonse zili bwino. Iwe um'funse zimene chimasanduka magetsi akapita, ndiponso ngati alipo mu Mzuzu muno wodziwa kuchimasula, osadikira munthu wochokera ku Lilongwe.

Alamu sanachotse geti lawo. Anaitana wowotcherera zitsulo kuti aboole kachitseko pambali, ka mpiringidzo ndi loko. Kakiyi kaja tsopano kamalendewera pamodzi ndi makiyi a galimoto, ndipo ndinaona sabata yatha kuti kayamba kufwifwa chifukwa chogwidwagwidwa.