Kodi Chovala Chingampatse Munthu Ulemu? Funso Limene Hip Hop Yadzutsa

Hip hop, chikhalidwe cha nyimbo, magule ndi zojambula za pamakoma chimene chinayambira m'dera la Bronx mumzinda wa New York m'chaka cha 1973, inakulira pakati pa achinyamata osauka amene anthu olemera ankawayang'ana ngati opanda pake, ndipo kwa iwo kutchena kunali njira yokanira chitonzocho. Mpake kufunsa ngati ulemu wa munthu ungachokere pa zimene wavala.

Nkhani ya Dapper Dan, telala wa ku Harlem, ikuthandiza kuyankha funsoli. Kuyambira mu 1982 iye ankasoka majekete achikopa a oimba ndi ankhonya, akudindapo zizindikiro za Gucci, Fendi ndi Louis Vuitton popanda chilolezo, mpaka milandu inatseketsa sitolo yake mu 1992. Patapita zaka 25, Gucci yomweyo inatulutsa jekete lofanana ndi lake, ndipo anthu atadandaula inagwirizana naye ndi kumutsegulira malo osokera ku Harlem mu 2018. M'chaka chomwecho Virgil Abloh, mwana wa makolo ochokera ku Ghana, anakhala mkulu wokonza zovala za amuna ku Louis Vuitton. Zojambula nazo zinatsata njira imeneyi, pakuti chithunzi cha Jean-Michel Basquiat, amene anayamba ndi kulemba pamakoma, chinagulidwa madola 110.5 miliyoni mu 2017.

Ambiri amaona zimenezi ngati chipambano, ndipo n'zoona kuti makomo amene anali otseka anatseguka. Komabe kalata ya Yakobo, pa chaputala 2, imadzudzula mpingo umene umapatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide n'kumuimika wovala nsanza, ndipo tchimo limene ikuloza ndi la kuyeza anthu ndi zovala zawo. Wosauka akalandiridwa chifukwa wavala zodula, muyeso umene unamunyoza dzulo umakhalabe ukugwira ntchito, ndipo mnzake amene alibe ndalama amatsala panja.

Choncho phunziro lenileni lili pa luso, chifukwa Gucci inabwerera kwa Dapper Dan kukafuna nzeru ndi manja ake, zimene anali nazo pamene ankatengeredwa kukhoti. Ulemu wa achinyamata a ku Bronx unalipo msika usanawazindikire, ndipo amene akutengera mavalidwe awo lero ayenera kutengeranso mtima wodzipangira chinthu chatsopano ndi zochepa zimene ali nazo.