Neil Armstrong sanamve azana pa mwezi, koma alipo Msilamu amene anaswali mumlengalenga



Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mlengi wa thambo ndi nthaka. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Lero tikambirane za mafilimu a mumlengalenga, aja a anthu ovala zoyera zofufuma, akuyandama m'chombo mitu ili pansi. Ambiri tawaonerapo, ena ku vidiyo pa Dwangwa atamasuliridwa m'Chichewa, ena pa foni bandulo ikalola. Gravity, Interstellar, The Martian, Apollo 13. Ndipo nkhani ya mafilimu amenewa ikangoyamba m'magulu athu a WhatsApp, sipatha mphindi zisanu wina asanaponye uthenga uja wodziwika. Eti Neil Armstrong atatera pa mwezi anamva mawu achilendo. Eti patapita zaka anafika ku Cairo, anamva azana, nkulira, nkunena kuti ndi mawu omwe aja, basi nkulowa Chisilamu. Pansi pake pamalembedwa kuti "tumiza kwa anthu khumi ngati umaikonda dini yako", ma Allahu Akbar nkuyamba kugwa ngati mvula ya mu Januwale.

Abale anga, nkhani imeneyi ndi yabodza. Ndikunena poyera chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amene amaitumiza ndi anthu okonda Allah, mwina kuposa ine. Armstrong anatera pa mwezi pa 20 July 1969 limodzi ndi Buzz Aldrin, mnzawo Michael Collins akuzungulira m'chombo pamwamba. Zonse zimene ankalankhula pa wailesi ndi anzawo a ku Houston zinajambulidwa, zinalembedwa, ndipo aliyense angathe kuziwerenga pa intaneti. Mulibemo azana. Mphekesera itafalikira kwambiri m'mayiko a Asilamu, mu 1983 boma la America linachita kutumiza uthenga ku maofesi a akazembe ake kuti auze anthu, mwaulemu, kuti bamboyu sanalowe Chisilamu. Mwini wakenso anakana kangapo ali moyo, mpaka anamwalira mu 2012. Ena ankawonjezera kuti anasamukira ku Lebanon kukakhala ndi Asilamu. Zoona zake nzakuti anali ndi famu pafupi ndi tawuni ina yotchedwa Lebanon m'chigawo cha Ohio, ku America komweko. Dzina lokha ndi limene linasokoneza anthu.

Wina anandifunsapo ku koleji kuti, kodi vuto lili pati? Si nkhani yabwino iyi? Siikulimbikitsa imani ya ana?

Yankho lake tinaliphunzira ku madrassa tili ang'ono, kungoti sitinaliganizire mbali imeneyi. M'chaka cha 10 Hijri, Ibrahim, mwana wa Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) wobadwa kwa mayi Maria, anamwalira ali khanda, asanakwanitse zaka ziwiri. Mtumiki analira, misozi inatsika. Tsiku lomwelo ku Madina kunachitika kadamsana, dzuwa linada masanasana. Anthu anayamba kunena kuti dzuwa lada chifukwa cha imfa ya Ibrahim. Tangoganizani mwayi umenewo. Mumzinda munali achinyengo, munali okayika, mitundu ya Aarabu inali ikungolowa kumene. Akanangokhala chete, osanama, kungokhala chete basi, nkhani ikanafika ku Yemen ndi ku Sham kuti thambo lenilenilo linalira maliro a mwana wa Muhammad. Koma iye anawatsogolera anthu pa swala ya kadamsana, kenako anawauza kuti dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro ziwiri mwa zizindikiro za Allah, sizida chifukwa cha imfa ya munthu kapena moyo wake, ndipo akaona zimenezi aziswali ndi kupempha. Hadith imeneyi ili mu Bukhari ndi mu Muslim. Bambo wofedwa, dothi la pamanda lisanaume, anakana umboni wabodza umene ukanamukweza iye mwini. Nanga ife ndife ndani kuti tizikongoletsa dini yake ndi nthano za Armstrong?

Mu Surat Al-Hujurat ndime 6, Allah akutilamula kuti munthu wosadalirika akatibweretsera nkhani tiyambe taifufuza. Ndipo Imam Muslim kumayambiriro kwa Sahih yake anaika hadith yotichenjeza kuti kungofalitsa chilichonse chimene wamva kumakwanira kuti munthu akhale wabodza. Ife ndi anthu a isnad. Ma ulama athu ankayenda miyezi pa ngamila kukafufuza munthu mmodzi amene akuti anamva hadith. Lero kufufuza kumatenga mphindi ziwiri ndi bandulo yochepa kuposa ya vidiyo imodzi ya TikTok.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mng'ono wanu amene mwamulera ndi nkhani ya Armstrong tsiku lina adzafika ku sekondale kapena ku yunivesite. Adzainena monyadira pagulu, ndipo mnzake wa physics adzamuonetsa umboni pa foni, anthu nkuseka. Usiku umenewo mwanayo sadzakayikira Armstrong yekha ayi. Adzayamba kudzifunsa kuti pa zonse zimene anandiuza kunyumba, zoona ndi ziti? Ndawaonapo anyamata ofooka pa swala chifukwa cha manyazi otere. Chimodzimodzi chithunzi chija cha mng'alu wa pa mwezi chimene amati NASA yavomereza kuti mwezi unang'ambika pakati. Ife timakhulupirira zimene zili kumayambiriro kwa Surat Al-Qamar chifukwa Allah wanena, osati chifukwa cha NASA, ndipo NASA sinanenepo zimenezo.

Kuli gulu linanso, la amene amati kupita ku mwezi konseko ndi filimu chabe ya Hollywood. Kwa amenewa ndingonena mwachidule: pakati pa 1969 ndi 1972 anthu 12 anayenda pa mwezi, anabweretsa miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382, ndipo mmodzi mwa akatswiri amene anathandiza kusankha malo otera anali Farouk El-Baz wa ku Egypt. Onerani filimu ya zochitika zenizeni yotchedwa Apollo 11 ya mu 2019. Mulibe ochita sewero, mulibe wofotokozera, ndi zithunzi zokhazokha zimene zinajambulidwa masiku amenewo. Zimenezi nzosiyana ndi The Martian, imene ndi nthano. Ku Mars sikunafikeko munthu, ndipo chipululu chofiira chimene mumaona mufilimumo ndi Wadi Rum ya ku Jordan.

Tsopano imvani nkhani yoona, imene sinditopa kuinena chifukwa sindiiona ikutumizidwa m'magulu athu.

Pa 10 October 2007, m'masiku otsiriza a Ramadhan, dokotala wa mafupa wa ku Malaysia, Sheikh Muszaphar Shukor, ananyamuka ku Baikonur m'dziko la Kazakhstan pa chombo cha Soyuz kupita ku International Space Station. Sanali Msilamu woyamba kupita kumwambako. Woyamba anali Sultan bin Salman wa ku Saudi Arabia mu June 1985, kenako Muhammed Faris wa ku Syria mu 1987 ndi Abdul Ahad Momand wa ku Afghanistan mu 1988. Koma ulendo wa Muszaphar unadzutsa funso limene linafunika yankho lolembedwa: munthu ameneyu akaswali bwanji?

Funsoli si lamasewera. Siteshoniyo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, ndipo imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Mtunda wofanana ndi utali wa nyanja yathu yonse, umene Ilala imayenda masiku, iyo imaudutsa m'mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Imazungulira dziko lonse pa mphindi 90 zilizonse, kotero amene ali m'menemo amaona dzuwa likutuluka ndi kulowa ka 16 pa tsiku limodzi lathu. Werengani nokha: akatsatira dzuwa limene akuliona pa windo, ndiye kuti swala 80 pa maola 24. Qibla nayo siima malo amodzi. Mukhoza kuyamba Al-Fatiha Makka ili kutsogolo, pofika pa sijida ili mbali ina. Madzi sathira pansi, amangoyandama timipira, ndiye udhu uchitika motani? Sijida yeniyeniyo, chipumi chikagunda pati pamalo popanda pansi?

A Malaysia sanaseke funsoli, sananenenso kuti ulendowo ndi haramu. Mu 2006 anasonkhanitsa ma ulama ndi asayansi pafupifupi 150, ndipo pamapeto pake panatuluka kabuku ka malangizo a ibada pa siteshoniyo. Mayankho ake akundisangalatsa chifukwa mulibemo chachilendo, ndi fiqh yomwe ija ya pamkeka ku madrassa. Nthawi za swala atsatire za malo amene ananyamukira, zisanu pa maola 24. Qibla ayang'ane ku Ka'aba ngati angathe, akalephera ayang'ane mbali imene Ka'aba ili, akalephera ayang'ane dziko lapansi, akalepheranso paliponse. Apa mtima umakumbuka Surat Al-Baqarah ndime 115, pamene Allah akutiuza kuti kuvuma ndi kuzambwe nkwake. Madzi akavuta, tayammamu, ngakhale pa khoma la chombo. Kuimirira kukakanika achite mmene thupi lingathere, mpaka kufika pongolozera ndi maso kapena kuyendetsa swala mumtima, monga mmene timaphunzirira za wodwala. Swaumu angathe kudzabweza akatsika, pakuti ndi wapaulendo. Eid inamupeza komweko, anagawana chakudya ndi anzake a ku Russia ndi ku America, ndipo anabwerera pa 21 October.

Mwaona chimene palibe pamndandandawo? Palibe pamene analemba kuti swala yachotsedwa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno kwa Kanyenda. Achimwene athu amapita pa nyanja madzulo kukawedza usipa ndi nyali, makamaka masiku amene mwezi uli mumdima, ndipo Fajr imawapeza pakati pa madzi. Ena ali m'minda ya nzimbe, shifiti yayamba kusanache. Ife a sukulu Dhuhr ndi Asr zimatipeza m'kalasi kapena mu labu. Sindikupeputsa mavuto amenewa. Mwera ukawomba, kuimirira m'bwato nkufuna kumira, ndipo aliyense wakulira kunyanja akudziwa. Koma mabuku a fiqh anakamba kale za swala ya m'chombo: imirira ngati ungathe, khala pansi ngati ukuopa kugwera m'madzi, yang'ana qibla mmene ungathere. Chisilamu chinafika kuno ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 ndi a Jumbe, anthu a madawu, ndipo madhhab ya Shafi'i imene ambiri a kunyanja kuno tinaphunzira ndi yomweyo ya ku Malaysia. Msodzi ali ndi madzi a udhu mbali zonse za bwato. Muszaphar analibe. Tsatanetsatane wa kuphatikiza ndi kufupikitsa swala mukafunse ma sheikh athu, musatenge fatwa kwa mwana wa yunivesite pa Facebook. Ine changa nkungoonetsa kuti khomo lilipo.

Mwina ndi chifukwa chake timakonda ya Armstrong kuposa iyi. Ya Armstrong imangofuna chala chimodzi ndi "Masha Allah". Ya Muszaphar imatifunsa za Fajr ya lero.

Ulendo sunathere pa iye. Mu 2023 Sultan Al Neyadi wa ku United Arab Emirates anakhala pa siteshoniyo miyezi isanu ndi umodzi, Ramadhan yonse ili m'katimo, ndipo anatulukanso kunja kwa chombo kukagwira ntchito. Chaka chomwecho Rayyanah Barnawi, mayi wa ku Saudi Arabia wofufuza za maselo a m'thupi, anafika komweko. Alongo anga amene mukulimbana ndi biology ya Fomu 4, dzina limenelo lisungeni.

Ndiye kodi tizionera mafilimuwa? Ine ndimaonera, posankha, pakuti ena ali ndi zithunzi zosayenera ndipo palibe filimu yoyenera kudya nthawi ya Isha. Apollo 13 ya mu 1995 ikufotokoza zimene zinachitikadi mu April 1970, thanki ya okosijeni itaphulika chombo chili panjira yopita ku mwezi. Jim Lovell, Jack Swigert ndi Fred Haise anatsala pang'ono kufa ndi mpweya woipa wotuluka m'mapapo mwawo momwe. Chinawapulumutsa, mwa chilolezo cha Allah, ndi sefa yolumikiza ndi tepi, mapulasitiki ndi katoni. Akatswiri ambirimbiri osagona, kuti anthu atatu apeze chimene ine ndi inu tikukoka pompano kwaulere tikuwerenga uthengawu. Surat Aal Imran ndime 190 ndi 191 ikuyamikira anthu amene amakumbukira Allah ataimirira, atakhala ndi atagona chammbali, nkumalingalira za kulengedwa kwa thambo ndi nthaka. Ndikaona munthu akuyandama m'chombo, mbali zitatu zimenezo zimandibwerera m'mutu.

Ndipo siteshoni ija imaoneka ndi maso, popanda chida chilichonse. Masiku ena imadutsa pamwamba pathu itangotha Maghrib kapena Fajr isanakwane, nthawi imene pansi pano pali mdima koma dzuwa likuiwalirabe kumwambako. Imawala kuposa nyenyezi, siithwanima ngati ndege, ilibe phokoso, ndipo imadutsa thambo m'mphindi zochepa. NASA ili ndi pulogalamu ya pa foni yotchedwa Spot the Station imene imakuuzani tsiku, nthawi ndi mbali yoyang'ana. Kugombe kumene kulibe magetsi ndi malo abwino kwambiri. Tengani ana a madrassa, ndipo muwauze kuti m'kanyali kameneko muli anthu.

Wallahu a'lam. Wassalaam alaikum warahmatullah.