Imani pa Beereseba Musanasamuke

Mawu: Genesis 26:1-6 ndi 46:1-7

Njala inagwera banja la Abrahamu m'mibadwo itatu yotsatizana, ndipo nthawi zonse maso ankayang'ana ku Ejipito, dziko lothiriridwa ndi mtsinje wa Nailo. Abrahamu anapitako, koma mantha atamugwira ananena kuti mkazi wake ndi mlongo wake. Isake anakumananso ndi njala, koma Mulungu anamuletsa kupitako. Iye anatsala ku Gerari, nalima, nakolola dzinthu zochuluka chaka chomwecho. Yakobo, mwana wa Isake yemweyo, Mulungu anamuuza kuti apite, asaope. Banja linali lomwelo, njala yomweyo, koma mayankho anasiyana. Choncho wokuuzani kuti kusamukira kunja n'kuchepa chikhulupiriro akuwonjezera pa Malemba, monganso wokuuzani kuti visa ndi chizindikiro cha madalitso.

Ife maulendo tinawayamba kale. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu a ku Halale. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 nafa, ndipo boma linaimitsa ulendo wa Wenela. Ena anabwerako ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, ena anatchona mpaka lero. Koma amenewo ankapita okha, mkazi ndi ana ali pamudzi. Lero funso lakula, pakuti tikufuna kunyamula banja lonse.

Tisanamizane, zokoma zilipo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo malipiro a mphunzitsi ndi namwino anayamba kutha mwezi usanafike pakati. Kholo likamaganiza za ntchito yolipira bwino, chipatala chopezeka mankhwala ndi sukulu yabwino ya ana, silikuchimwa. Likuchita udindo wake. Nyumba zambiri zamalata m'midzi mwathu zinamangidwa ndi ndalama zotumizidwa kuchokera kunja, ndipo ana amasiye ambiri aphunzira ndi ndalama zomwezo. Komanso kupita limodzi kumateteza ukwati. Tonse tikudziwa mabanja amene anasweka chifukwa bambo anakhala zaka ku Joni, mayi akulera ana pa foni ya WhatsApp, mpaka aliyense anapeza wina. Yakobo sanasiye munthu m'mbuyo. Ana, zidzukulu, akazi a ana ake ndi zoweta, zonse zinapita naye, ndipo a m'nyumba yake anakwana 70 ku Ejipito.

Koma walira mvula walira matope. Taonani poyamba mmene Yakobo analowera m'dzikolo. Anachita kuitanidwa, Farao anatumiza ngolo zomunyamula, ndipo malo okhala, ku Goseni, anaperekedwa ndi mfumu. Iye anadzera pakhomo. Nanga inu mukufuna kulowa bwanji? Munthu wopanda mapepala amagwira ntchito mwamantha, bwana akamubera malipiro alibe kokadandaula, akaona galimoto ya polisi mtima uli thithithi. Ena amathera ku msasa wa Lindela ku South Africa, kudikira kubwezedwa kwawo chimanjamanja. Mwamuna payekha angapirire zimenezi, koma kodi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri analakwanji kuti akule akubisala? Bodza limene Abrahamu ananena ku Ejipito linaika pangozi mkazi wake. Ulendo umene wayamba ndi chitupa chachinyengo udzakukakamizani kunama tsiku ndi tsiku, ndipo ana adzakhala akuonerera.

Chachiwiri, mafumu amasintha. Buku la Eksodo likuyamba ndi mfumu yatsopano yosamudziwa Yosefe, mwana wa Yakobo, ndipo dziko limene linapulumutsa Yakobo linasanduka ndende ya zidzukulu zake. Mu 2008 ndi mu 2015 alendo anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa ku South Africa, ndipo mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Ku Britain, mu Malichi 2024, wopita kukagwira ntchito yosamalira okalamba analetsedwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana pa chilolezo chake. Lamulo limene lakutsegulirani chitseko lero lingathe kuchitseka mawa. Musagulitse munda wa makolo chifukwa cha tikiti. Siyani pobwerera.

Chachitatu, ganizirani za m'nyumba momwemo. Malipiro a kunja amamveka ambiri mukawasintha m'makwacha, koma lendi simulipira m'makwacha. Bambo akuweruka m'mawa, mayi akulowa ntchito m'mawa womwewo, akumana pakhomo n'kupatsirana makiyi. Agogo oti atsale ndi mwana palibe, azakhali olangiza mtsikana akatha msinkhu palibe, ankhoswe oti akhazike pansi awiriwo mkangano ukabuka palibenso. Mwana akukula osatha kulonjera agogo ake pa foni m'chinenero chimene iwo amamva. Zimenezi sizilembedwa pa kalata ya ntchito, koma ndi mtengo umene mudzalipire.

Chachinayi, kumbukirani otsala. Mayi anu okalamba adzatungiridwa madzi ndi yani? Ndalama zingagule mankhwala, koma sizikhala pambali pa mphasa ya wodwala. Yakobo yemwe, atakhala zaka 17 ku Ejipito, analumbiritsa Yosefe kuti akamuike m'manda a makolo ake. N'chifukwa chake abale athu kunja amasonkherana ndalama zambiri kuti maliro abwere kumudzi. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Tsono tichite chiyani? Yakobo atanyamuka sanathamangire kuwoloka. Anaima pa Beereseba, kumapeto kwa dziko lake, napereka nsembe kwa Mulungu wa atate wake, ndipo usiku womwewo Mulungu anamulonjeza kuti apita naye limodzi. Lonjezo limenelo ndilo linali chuma cha ulendo wonse. Inunso imani. Pempherani ndi mtima wokonzeka kumva yankho la Isake kapena la Yakobo, pakuti ambiri timapemphera tikiti ili kale m'thumba. Bambo, musauze mayi za ulendo ngati chilengezo. Khalani pansi mumve maganizo awo, mumvenso ana amene afika pozindikira. Tengani pepala ndi cholembera monga Ambuye Yesu anaphunzitsira pa Luka 14 za womanga nsanja, mulembe lendi, chakudya, mayendedwe, ngongole ya ulendo ndi thandizo la makolo. Funsani amene akukhala kumeneko, makamaka amene sakometsa nkhani, ndipo mudziwiretu mpingo umene mukapembedzeko.

Ngati zonsezi zalongosoka, mapepala ali oona ndipo nonse mwagwirizana, pitani ndi mtendere, ndipo ife tikuperekezani ndi pemphero. Mukakafika, gwirani ntchito mokhulupirika, lemekezani malamulo a eni dziko, yankhulani Chichewa ndi ana anu, ndipo musatchone. Ngati Mulungu wakuuzani kuti mutsale, tsalani osachita manyazi, mulime pamene mulipo monga Isake. Ndipo inu a mpingo, yenderani nkhalamba zimene ana awo ali kutali, ndipo wobwerako ali chimanjamanja mulandireni ndi manja awiri, osamuseka.

Abale ndi alongo, musanyamule banja lanu musanamve kwa Mulungu, ndipo mukamva, mverani. Ambuye akutsogolereni potuluka ndi pobwerera. Amen.