Musanayatse valavu, werengani pepala lake

Ana anga a kuno ku Magomero, makamaka inu amene mukuphunzira ntchito zamanja ku Nasawa ndi inu amene mwayamba kukonza mawailesi pa Namadzi, ndamva kuti ena mwa inu mukufuna kupanga ma ampulifaya a mavalavu. Mtima wanga wakondwera. Mavalavu si alendo m'dziko muno. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wailesi ya Saucepan Special, ya mavalavu anayi, yoyendera batire, ndipo makolo athu ankamverapo nyimbo ndi nkhani za m'Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Kenako thiranzisita inabwera n'kuwakankhira pambali, koma oimba gitala sanawataye mpaka lero.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mukungotola chithunzi cha sakiti pa foni n'kuyamba kuwotcherera. Valavu iliyonse ili ndi pepala lake lolembedwa ndi amene anaipanga, kaya ndi a Mullard, a Philips kapena a RCA, lija amalitcha datasheet. Wosaliwerenga akhoza kupanga ampulifaya yolira ndithu, koma tsiku limene idzasiye kulira adzangogwira njakata.

Yambani ndi hita, kawaya kamene kamatenthetsa kathodi. Pepala la ECC83, imene ku America amati 12AX7, likunena kuti imafuna mavoti 6.3 pa 300 mA, kapena mavoti 12.6 pa 150 mA, malingana ndi mmene mwalumikizira miyendo 4, 5 ndi 9. EL84 imodzi imafuna 0.76 A. Mukaika ma EL84 awiri ndi ECC83 imodzi, phatikizani: zikukwana 1.82 A. Thiransifoma yanu ikakhala ya 1 A, idzatentha mpaka kununkha nyimbo isanathe.

Mukatero pitani pa malire. EL84 siyenera kupitirira mawati 12 pa anodi. Tsono onani chitsanzo chimene pepala lomwelo limapereka: mavoti 250, karenti ya 48 mA. Chulukitsani ziwirizo, mupeza mawati 12 ndendende. Ndiye kuti chitsanzocho chaima pa malire penipeni, ndipo anachilemba poganizira magetsi okhazikika. Athu kuno mukuwadziwa, amakwera n'kutsika tsiku limodzi lomwelo. Akakwera, valavu yanu yadutsa malire inu muli chikhalire. Wa kabaza wanzeru sakweza matumba a nandolo mpaka pamene njinga ingathere, amasiyako mpata chifukwa cha zigwembe za mumsewu. Inunso tsitsaniko karentiyo. Mukaona chitsulo cha mkati mwa galasi chayamba kufiira, zimitsani pomwepo.

Tsopano tifike pa tsamba limene achinyamata ambiri amalidumpha, la mizere yokhotakhota. Apa ndiye pagona ntchito yonse, choncho khalani pansi ndi pensulo ndi rula. M'munsi mwalembedwa mavoti a pa anodi, m'mbali mwalembedwa karenti, ndipo mzere wokhota uliwonse ukuimira mavoti a pa giridi: 0, -0.5, -1, -1.5, -2, n'kumapita. Tinene kuti muli ndi mavoti 300 ndi rezisita ya 100k pa anodi ya ECC83. Valavu itatsekeratu, karenti palibe, ndipo mavoti onse 300 ali pa anodi. Ikani kadontho pa 300 m'munsimo. Itatsegukiratu, mavoti onse agwera pa rezisita, ndipo 300 kugawa ndi 100k ndi 3 mA. Ikani kadontho kena m'mbali. Lumikizani madontho awiriwo ndi rula. Valavu yanu idzayenda pa mzere umenewu basi, singachokepo.

Yang'anani pamene mzere wanu wadula mzere wa -1.5. Mupeza karenti ya pafupifupi 1 mA ndi mavoti pafupifupi 200. Gawani 1.5 ndi 1 mA, yankho ndi 1.5k, rezisita ija mumaiona pa kathodi m'masakiti ambiri osadziwa kumene inachokera. Ine tsiku lililonse ndikafika pamenepa ndimamva kukoma, chifukwa nambala imene wina angaiyese yamatsenga yatuluka m'dzanja lako lomwe. Mukasendeza poyambira, pamene mizere iwiriyo yadulana, kufupi kwambiri ndi mzere wa 0, kapena kumunsi kumene mizere yathithikana, mawu adzatuluka osasa. Woimba gitala mwina akufuna kusasa komweko, koma wa kwaya ya ku tchalitchi sangakuyamikeni. Mufunseni mwini wake musanasankhe.

Musanyengeke ndi nambala ya 100 imene pepala la ECC83 limanena kuti ndi mphamvu yake yokuzira mawu. Valavu ili ndi rezisitansi yakeyake mkati, 62.5k. Mukaiphatikiza ndi 100k yanu zikhala 162.5k, ndipo gawo lanu ndi 100 mwa 162.5. Mawu adzakula pafupifupi ka 60, ndipo mukalumikiza gawo lotsatira atsikanso pang'ono.

Za thiransifoma yotulukira ku sipika ndinene mwachidule. EL84 yogwira yokha imafuna katundu wa 5.2k kuti ipereke mawati 5.7, pamene sipika yanu ndi ya ma ohm 8. Thiransifoma ndiyo imagwirizanitsa ziwirizi, ndipo mapindidwe a waya wake akhale pafupifupi 25 kwa 1. Musayatse ampulifaya ya mavalavu sipika isanalumikizidwe, mudzapsereza thiransifomayo, ndipo kuipeza kuno si masewera.

Chomaliza pepala silikuuzani, koma ndikuuzani ine poti ndinu ana anga. Mavoti 300 amapha. Makapasita aakulu amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi pakhoma. Musanalowetse dzanja, atsitseni kudzera pa rezisita, osati pogunditsa sikuludiraiva, kenako yezani ndi mita mpaka muone kuti atheratu. Poyeza ampulifaya ili choyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, nsapato zikhale kuphazi, pansi pakhale pouma, ndipo pakhale mnzanu pafupi wodziwa pozimitsira.